Kalata ya Abusa kwa Akhristu Onse: Za Ana Athu Amene Ali m'Kaundula Koma m'Kalasi Mulibe

Okondedwa mwa Ambuye, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu nonse a m'milaga yathu,

Chisomo kwa inu ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Kalatayi iwerengedwe m'milaga yonse Lamulungu lino ndi linalo. Amene muli ndi foni itumizeni kwa abale athu amene ali ku tauni ndi ku Joni, chifukwa ana ambiri amene ndikunena pano ndi awo, adawasiya m'manja mwa agogo.

Aphunzitsi aakulu a sukulu yathu ya pulayimale, ija ili pa malo a mpingo, adabwera ku bwalo la akulu a mpingo atanyamula makaundula. Wa Sitandade 1 ndi wotupa, mayina adasefukira mpaka pa pepala lomata kuchikuto. Wa Sitandade 8 ndi wopyapyala, masamba ambiri ali mbee. Chimene chidakhazika bwalo lonse chete ndi ziro osonyeza kujomba amene andandalikana kutsogolo kwa mayina, Lolemba mpaka Lachisanu, sabata ndi sabata, chonsecho teremu yangoyamba kumene ndipo mvula sinagwe. Mayinawo tidawazindikira. Ambiri ndi ana obatizidwa muno, ndipo makolo awo amakhala nafe pa gome la Ambuye.

"Anthu anga aonongeka chifukwa cha kusadziwa." Hoseya 4:6.

Tisanalozane zala, dziwani kumene vutoli lidayambira, pakuti si la kuno kokha. Mu 1994 boma la pulezidenti Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ndipo yunifolomu idaleka kukhala yokakamiza. M'chaka chimodzi chokha ana adalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chidali chinthu chabwino, ndipo ambiri a inu mukutha kudziwerengera nokha Mawu a Mulungu chifukwa cha chaka chimenecho. Koma zipinda zophunziriramo sizimera ngati bowa. Ana adadzaza pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba anthu zikwizikwi amene anali asanapondeko ku koleji ya uphunzitsi, n'kuwapatsa choko atangowasula masabata ochepa. Bala limenelo silinapole, chifukwa ana akubadwa mofulumira kuposa mmene dziko likumangira. Kalembera wa 2008 adapeza anthu 13 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwo ndi ana osafika zaka 18. Lero ku pulayimale kuli ana pafupifupi 5 miliyoni, pamene ku sekondale ndi cha m'ma theka la miliyoni basi. Kaundula wotupa ndi wopyapyala uja ndi chithunzi cha dziko lonse.

Tsono ndalama za maphunziro zimayenda motere. Mayiko adagwirizana ku Incheon mu 2015 kuti pa K100 iliyonse ya bajeti, K15 mpaka K20 izipita ku maphunziro. Dziko lathu limazungulira cha m'munsi mwa muyeso umenewo, ndipo m'zaka zaposachedwa chiwongoladzanja cha ngongole za boma chakhala chikudya ndalama zambiri kuposa zimene maphunziro akulandira. Mwa ndalama zimene zafika ku maphunzirozo, gawo lalikulu kwambiri ndi malipiro a aphunzitsi, ndipo n'zoyenera, wantchito ayenera kulandira mphotho yake. Zotsala za mabuku, madesiki ndi zomanga n'zochepa, ndipo zambiri mwa izo zimadalira mayiko ndi mabungwe otithandiza. Awa adaleka kuthira ndalama zawo mwachindunji m'thumba la boma itaphulika nkhani ya kubedwa kwa ndalama ku Capital Hill mu 2013. Kenako kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata, misomali ndi mapepala zimatsatira dola, choncho ngakhale manambala a m'bajeti azikwera chaka ndi chaka, chimene ndalamazo zikugula chikunka chichepa. Onjezanipo sukulu zimene namondwe Freddy adagumula m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, zimenenso zikudikira thumba lomwelo.

Ndalama imene imafika pa sukulu yathu yeniyeniyi ndi ija aphunzitsi amaitchula kuti SIG. Imadzera ku khonsolo n'kulowa mu akaunti ya sukulu ku banki, ndipo kukula kwake kumatengerako chiwerengero cha ana olembedwa. Isanagwiritsidwe ntchito, makolo, mafumu, aphunzitsi ndi ana amene amayenera kukhala pansi n'kulemba pulani ya zimene sukulu ikusowa chaka chimenecho, ndipo a komiti ya sukulu amasainira limodzi ndi aphunzitsi aakulu. Kawirikawiri imafika mochedwa, mitengo ya zinthu itasintha kale. Ikatero imagula choko, makaundula, makope a ana amasiye, utoto wa bolodi, mwina n'kukonza chitseko ndi mawindo. Chipinda chatsopano singamange. Amene amanong'onezana kuti aphunzitsi akudya ndalama za sukulu abwere ku msonkhano wa makolo adzafunse malisiti pamaso pa onse, ndi ufulu wawo, ndipo a komiti ayenera kumata poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Koma pa msonkhano wapitawu mabenchi adali okhaokha, makolo amene adabwera ankawerengeka ndi zala.

Apa ndiye pali tchimo lathu, ndipo ndilitchula dzina. Mawu akuti "zaulere" tawasandutsa chofunda cha ulesi. Boma lidachotsa fizi, ife tidachotsa manja athu ndi mtima womwe. Timati sukulu ndi ya boma, mwana ndi wa aphunzitsi. Kumulembetsa mu Seputembala timakhala ngati tamaliza udindo wonse, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo ndi wathu tsiku lililonse limene tamufuna. Tsiku la msika akagulitse mandasi. Mayi akupita kuchigayo, atsale ndi khanda. Nthawi yosoka fodya, yopalira, yoingitsa mbalame, yoweta mbuzi, sukulu iyambe yaima. Kukagwa maliro mudzi wachitatu, ana onse a pabanja sabata yathunthu osaoneka. Ena amachoka pakhomo atanyamula makope n'kukathera m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo bambo sadziwa chifukwa chiyambire chaka sanatsegulepo kope la mwana wake. Ameneyu ndi bambo woti Lamulungu amafika ndi Baibulo lake kukhwapa, nyimbo zonse pamtima.

"Koma ngati wina sadzisungiratu mbumba yake ya iye yekha, makamaka iwo a m'banja lake, wakana chikhulupiriro iye, ndipo aipa koposa wosakhulupirira." 1 Timoteo 5:8.

Ndikudziwa za njala. Ndikudziwa kuti Januware ndi Febuluware m'nkhokwe mumakhala mutapita mphepo, ndipo ganyu wa mwana amagulako ndiwo. Amene mukuvutikadi, mpingo uli nanu ndipo za inu ndinena kumapeto. Koma ziro amene tawaona ndi a mwezi uno, chimanga chikadalipo, ndipo ambiri ali pa mayina a mabanja amene sagona ndi njala. Tisabisale kumbuyo kwa osauka.

Mvetsani chimene kujomba kumachita, chifukwa ena mumati tsiku limodzi silipha. Ku Sitandade 1 ndi 2 kuwerenga kumaphunzitsidwa mondondoza, lero liwu ili, mawa kuliphatikiza ndi linzake kupanga phatikizo, mkuja mawu athunthu. Mwana wojomba masiku awiri pa sabata amataya masiku 8 pa mwezi, ndiye kuti pafupifupi theka la maphunziro ake. Akabwerera amapeza anzake ali patsogolo, ndipo mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha iye yekha. Muyeso umene boma limafuna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma m'makalasi oyambirira kupeza ana oposa 100 si chachilendo. Tawerengerani nokha: phunziro la mphindi 30, ana 120, mwana aliyense angalandire masekondi 15 ngati mphunzitsi atasiya kuphunzitsa n'kumangoyenda pakati pawo. Ndipo kuyendako n'kovuta, ana akhala pansi mothithikana, miyendo yopinda, kope lodula pakati lili pa bondo, pensulo yoduka ikulumidwa kukamwa. Wakumbuyo saona n'komwe chimene chalembedwa pa bolodi. Mwana wojomba uja amalephera mayeso a teremu yachitatu n'kubwereza. M'dziko muno, mwa ana anayi kapena asanu alionse a ku pulayimale, mmodzi amakhala akubwereza kalasi. Wobwerezayo amakhala pa malo amene akadakhala mng'ono wake, kalasi imatupirabe, ndipo choko, buku ndi malipiro a mphunzitsi zimalipiridwa kawiri pa mwana mmodzi. Ndalama zochepa zija timazimwaza tokha.

China chimene chikutipweteka ndi kuchedwa kulembetsa. Msinkhu woyambira Sitandade 1 ndi zaka 6. Kale ankamuyesa mwana pomuuza kuti adutsitse dzanja pamutu agwire khutu la mbali inayo, ndipo ana opinimbira ankabwezedwa chaka ndi chaka. Zimenezo zidatha, msinkhu umaoneka pa khadi la kusikelo kapena pa chiphaso cha kubadwa. Komabe makolo ena akusunga mwana mpaka zaka 8 kapena 9, ati akadali wamng'ono, ati sukulu ili kutali. Woyamba ndi zaka 6 osabwereza amalemba mayeso a Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14. Woyamba ndi zaka 9 n'kubwereza kawiri amafika zaka 15 ali Sitandade 5, pakati pa tiana ta zaka 10. Ndipo Sitandade 5 yomweyo ndi pamene maphunziro ambiri amatembenukira m'Chingerezi. Mnyamata mawu ayamba kukula, Chingerezi sakumva, anzake akumuseka, mapeto ake amakagwira njinga ya kabaza. Mtsikana watha msinkhu, amuna ayamba kumuimika panjira, ndipo azakhali ayamba kunena kuti wakula. Kuongola mtengo mpoyamba.

"Phunzitsa mwana poyamba njira yake, ndipo angakhale atakalamba sadzachokamo." Miyambo 22:6.

Za atsikana ndinene mosabisa, ndipo amayi a Chigwirizano mundikhululukire polankhula pagulu zimene mumanena kumbali. Chimbudzi cha atsikana pa sukulu yathu chidatitimira dzinja lathali, ndipo mpaka lero chatsekedwa ndi minga. Mtsikana amene ali kumwezi alibe posinthira, alibe madzi, alibe chitseko choti atseke. Amakhala kunyumba masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse, ndipo ziro ake m'kaundula amabwera motsatana mwakuti munthu ukhoza kuwerenga. Ana amenewa sitingawadzudzule. Mlandu ndi wathu, amene takhala tikudutsa pa dzenjelo popita ku mapemphero miyezi yonseyi.

"Kodi imeneyi ndiyo nthawi yakuti inu nokha mukhale m'nyumba zanu zotchingidwa m'katimo, ndi nyumba iyi ikhale yopasuka?" Hagai 1:4.

Malamulo a dziko ali poyera. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti chilolezo cha makolo chisakhalenso khomo lokwatitsira mwana. Kuyambira 1993 mtsikana amene watenga pakati ali pa sukulu ali ndi ufulu wobwerera akachira. Kholo lipite kwa aphunzitsi aakulu mimba ikangodziwika, likalembetse kuti mwana wachoka kwa kanthawi, malo ake asungidwe, ndipo ngati akuchita manyazi akhoza kupempha kalata yosamukira ku sukulu ina. Zimene zimalakwika n'zakuti makolo amangomubisa mwana osanena kanthu, dzina lake n'kufufutidwa ngati wothawa. Choncho bwalo la akulu a mpingo lagamula kuti muno simudzalengezedwa kapena kudalitsidwa ukwati wa munthu wosafika zaka 18. Mkhristu amene adzaimire ukwati wotere ngati nkhoswe adzaitanidwa ku bwalo, ndipo nkhaniyo tidzaitula kwa amfumu ndi kwa oona za chitetezo cha ana. Mtsikana wobwerera ku sukulu ali ndi mwana asanyozedwe pa bwalo la tchalitchi kapena m'kwaya. Amene adzatero adzayankha kwa ine.

Ena mumafunsa kuti tivutikirenji pamene ngakhale okhoza mayeso sasankhidwa. Funso limeneli ndi loona. Chaka chilichonse MANEB ikatulutsa zotsatira za Sitandade 8, okhoza amachuluka kuposa malo a Fomu 1, ndipo ambiri mwa osankhidwawo amapita ku sukulu zoyendera za CDSS, zimene zidabadwa mu 1998 kuchokera ku ma DEC akale, malo ophunzirira sekondale motalikirana. Zambiri mwa izo zilibe labotale kapena laibulale yokwanira. Boma la pulezidenti Peter Mutharika lidalengeza kuti kuyambira Januware 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu za boma akhale aulere. Tiyamike Mulungu, koma tikumbukire 1994. Khomo likatseguka ana amachuluka, zipinda ndi aphunzitsi zimabwera pambuyo. Kuchotsa fizi sikugula yunifolomu, nsapato, makope, sopo, nyali yowerengera kapena njinga ya mwana woyenda makilomita 10, ndipo ku sukulu zogonera chakudya ndi malo ogona zimafunabe ndalama. Makolo amene mumachitira atsikana lendi pafupi ndi sukulu n'kuwasiya okha ndi kathumba ka ufa, dziwani kuti ufawo ukatha pakati pa mwezi pamakhala wina wokonzeka kuwagulira. Kholo la mwana wa Sitandade 7 liyambe lero kupatula nkhuku kapena mbuzi ya Fomu 1, pakuti malo ochepawo amapita kwa mwana amene sadajombe, ndipo amakhalitsa kwa mwana amene kwawo adakonzeka.

"Pakuti ndani wa inu akafuna kumanga nsanja yaitali, sayamba wakhala pansi, nawerengera mtengo wake, aone ngati ali nazo zakuimaliza?" Luka 14:28.

Sukulu m'dziko muno idayambira pa khonde la tchalitchi. Ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Mbombwe kwa John Chilembwe mu 1900, kulikonse belu limene linkaitana anthu ku mapemphero ndi lomwe linkaitana ana ku sukulu, ndipo makolo athu ankasenza okha mitengo ndi udzu. Sukulu yathu ndi ya mpingo, boma limatumiza aphunzitsi ndi kuwalipira. Mwini wake ndi ife.

Loweruka likudzali, 6 koloko m'mawa, abambo onse ndi anyamata a milaga yonse tikumane pa sukulu ndi makasu, mapiki, mafosholo ndi mawilibala. Tikukumba dzenje la chimbudzi cha atsikana cha zitseko 4 ndi chipinda chimodzi chosinthira. Muyeso wa a zaumoyo ndi chitseko chimodzi pa atsikana 25, sitifikapo chaka chino, koma tiyambe. Malo asankhidwa kale ndi alangizi a zaumoyo, kumunsi kwa mjigo, pa mtunda woposa mamita 30, ndiponso kutali ndi chimbudzi cha anyamata. Chakale chija chidagwa chifukwa dzenje silidawakidwe m'kati ndipo madzi a padenga ankagwera m'mbali mwake n'kufewetsa dothi. Lino liwakidwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, mizere ya m'munsi ikhala ndi mipata yoti madzi azilowerera m'nthaka, ya pamwamba yomata ndithu, ndipo tikumba ngalande kuzungulira. Silabu ikhala ya simenti ndi zitsulo, mitengo ayi, chiswe chidatiphunzitsa. Kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri monga sukulu, choncho tiumba mabuloko a simenti. Amene adzaumbe asachulukitse mchenga pofuna kuti thumba libale mabuloko ambiri, buloko wotere amafumbutuka m'manja. Mabuloko ndi silabu zithiriridwe m'mawa ndi madzulo masiku osachepera 7, zitafunditsidwa udzu kapena masaka. Kuthirirako ndi kwa achinyamata, mlaga uliwonse tsiku lake. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wopanda dothi ndi zinyalala, banja lililonse ndowa 10, ndipo miyala yoswa ndowa 5, zifike pa sukulu pasanafike Lachinayi.

Simenti, zitsulo, malata, mapaipi otulutsa mpweya ndi zitseko zifuna ndalama. Lamulungu lachitatu la mwezi uno kudzakhala chopereka chapadera cha maenvulopu, mlaga uliwonse cholinga chake chikhale matumba 5 a simenti. Wopanda ndalama abweretse chimanga, mtedza, soya kapena nkhuku, atumiki adzagulitsa poyera pa bwalo la tchalitchi. Abale a kutali atumize pa foni kwa msungichuma wa mpingo yekha, nambala yake muitenge kwa mkulu wa mlaga wanu. Zonse zolowa ndi zotuluka zidzawerengedwa m'tchalitchi ndi kumatidwa pa chitseko. Zotsala pa chopereka chimenechi zidzayambitsa thumba la makope, sopo ndi yunifolomu za ana amasiye ndi a mabanja ovutikitsitsa. Mayina adzachokera kwa akulu a milaga mothandizana ndi amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, ndipo sadzawerengedwa pagulu. Mwana asabwezedwe kapena kusungidwa kunyumba chifukwa chosowa yunifolomu, avale chimene ali nacho apite.

Akulu a mpingo, ntchito yanu ndi iyi. M'masabata awiri, aliyense ayendere nyumba zonse za m'dera lake ndi kope, alembe mwana aliyense wa zaka 6 mpaka 17, dzina, zaka, kalasi, ndi amene akumulera. Nyumba za anthu osapemphera nafe musazilumphe, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makopewo tidzawaika pambali pa makaundula a sukulu kuti tione amene sadalembedwe ndi amene adalembedwa koma sapita. Kuyambira pamenepo aphunzitsi aakulu azidzatipatsa Lachisanu lililonse mayina a ana amene ajomba masiku atatu otsatana, ndipo mkulu wa dera afike pakhomopo lisanathe Lamulungu. Ulendo woyamba ndi wofunsa ndi kuthandiza. Wachiwiri ndidzabwera nawo ndekha. Wachitatu kholo lidzaitanidwa ku bwalo.

"Lolani tiana tidze kwa Ine, musatiletse." Maliko 10:14.

Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wabwerezedwa, udzakhalako Lachitatu la sabata yamawa, 2 koloko masana, m'tchalitchi muno chifukwa ku sukulu kulibe chipinda chokwana. Nyumba iliyonse itumize munthu wamkulu mmodzi, ndipo abwere ndi kope limodzi la mwana wake. Maphunziro a kalasi ya ubatizo a tsiku limenelo asunthidwira Lachisanu. Amayi a Chigwirizano amene muli ndi makina osokera muonane ndi amayi abusa Lachinayi mukatha mapemphero, za nsalu zosokera atsikana zovala akakhala kumwezi, ndipo amene muli ndi zitenje zakale zochapa bwino mubwere nazo.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani, inu ndi ana anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
m'malo mwa bwalo la akulu a mpingo.